Oimba ndi zida akusowa bwalo

Ku Britain, pulogalamu ya Later... with Jools Holland yakhala ikuonetsedwa pa BBC Two kuyambira chaka cha 1992. Kakonzedwe kake n'kosavuta: magulu angapo amazungulira m'chipinda chimodzi, lililonse n'kuimba ndi zida zake anthu akuona. Koma ngakhale kumeneko mapulogalamu otere atsala owerengeka. Top of the Pops, yomwe inayamba mu 1964, inatsekedwa mu 2006 owonera atachepa kwambiri. Ngati dziko lolemera chotero likuvutika kusungira oimba bwalo, ife tiyenera kuunika bwino pamene tili.

Kuno ku Malawi bwalo limenelo silinali kanema. Television Malawi inabwera mochedwa, mu 1999. Ntchitoyi inkagwiridwa ndi wailesi ya MBC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964. Wailesiyi inali ndi bandi yakeyake, ndipo inkajambula oimba pa matepi, ena ochokera kumudzi kwenikweni. Allan Namoko, Daniel Kachamba ndi Robert Fumulani anadziwika dziko lonse chifukwa munthu wa ku Khombedza m'boma la Salima, atakhala pakhonde ndi wailesi ya mabatire, ankamva zomwezo zimene wa ku Blantyre ankamva. Woimba analibe pobisala: gitala kapena banjo ikalakwika, zinkamveka.

Ziwerengero zikusonyeza kuti njira imeneyo yachepa mphamvu. Kalembera wa 2008 anapeza kuti mabanja oposa 60 pa 100 alionse anali ndi wailesi. Pofika 2018 anatsika kufika pafupifupi 34. Kanema sanatseke mpatawo, pakuti mabanja amene anali naye mu 2018 anali pafupifupi 12 pa 100, ndipo ambiri mwa iwo anali m'tauni momwe muli magetsi. Chimene chinakwera ndi foni, yomwe inapezeka m'mabanja oposa theka. M'boma la Salima, lomwe linali ndi anthu oposa 478,000, izi zikutanthauza kuti nyimbo zambiri tsopano zimafika kudzera pa memori khadi yodzazitsa pa sitolo ya pamsika, kapena pa WhatsApp.

Foni yathandiza achinyamata ambiri kutulutsa nyimbo popanda kupempha chilolezo kwa wina, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Vuto lili pa mtengo. Nyimbo ya pa kompyuta imafuna munthu mmodzi ndi kachipinda. Bandi imafuna anthu asanu kapena kuposa, zida, galimoto ndi malo oyeserera. Zida zambirizo n'zoitanitsa kunja, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nyumba youlutsira mawu ikawerengera, imaona kuti kusewera kanema wa nyimbo wopatsidwa ulere n'kotsika mtengo kuposa kujambula bandi. Mwini ukwati ku Khombedza amawerengera chimodzimodzi: amabwereka DJ ndi masipika.

Ena anganene kuti Salima si boma losowa zoimbaimba. Sand Music Festival, yomwe anayambitsa malemu Lucius Banda, yachitikira kangapo ku Senga Bay, ndipo Lake of Stars inachitikira ku Leopards Bay mu 2018. Koma chikondwerero ndi cha masiku atatu pachaka, ndipo tikiti yake siili m'manja mwa msodzi wa usipa kapena mlimi wa mpunga ndi thonje. Pulogalamu ya sabata ndi sabata ndi imene imaphunzitsa khutu, imakakamiza woimba kuyeserera, ndiponso imasiya zojambula zosungika.

Kusowa kwa zosungikazo ndiko kukudetsa nkhawa kwambiri. Matepi a MBC ndi amene akutithandiza lero kudziwa mmene Namoko ankakhudzira banjo. Madalitso Band, ndi babatoni wawo wa chingwe chimodzi, anachokera m'misewu ya Lilongwe n'kukatchuka m'zikondwerero za ku Ulaya asanadziwike bwino kwawo. Oimba ena aluso lomwelo alipo m'mphepete mwa msewu wa M5 ndi m'makwaya a m'matchalitchi, koma zojambula zawo zili m'mafoni amene amatayika, kubedwa kapena kufa pakangopita zaka zochepa.