Thomas Baines ndi Pensulo Yace

Anthu ambiri amadziwa mbiri ya Dr. David Livingstone ndi maulendo ace a pa mtsinje wa Zambezi, koma ndi ocepa amene anamvapo za munthu wina amene anakwera naye mtsinjewo m'caka ca 1858, dzina lace Thomas Baines. Munthu ameneyu sanali dotolo kapena mmishoni ai. Nchito yace inali yolemba zithunzi, ndipo zida zace zoyamba zinali pensulo ndi buku la mapepala oyera. Nkhani ino ifotokoza m'mene nchito yotere imagwiridwira, ndi cifukwa cace zithunzi za Baines zikali zamtengo wapatali kufikira lero.

Baines anabadwira m'tauni ya King's Lynn, ku England, pa 27 November 1820. Ali mnyamata anaphunzira nchito yopaka utoto ndi kulemba zokometsera pa magareta a akavalo. M'caka ca 1842 anakwera combo napita ku Cape Town, ndipo kuyambira pamenepo moyo wace unali wa paulendo. Kuyambira 1855 mpaka 1857 anali pa ulendo wa Augustus Gregory wa kumpoto kwa Australia. Atabwerako anasankhidwa kuti atsagane ndi Livingstone monga wolemba zithunzi ndiponso wosunga katundu.

Wina angafunse kuti, "Nanga analekeranji kungotenga kamera?" Kamera inalipo ndithu, ndipo Charles Livingstone, mng'ono wace wa dotoloyo, ndiye anali nayo. Koma kamera ya masiku amenewo inali katundu wolemera, wofuna magalasi osacedwa kusweka, mankhwala oonongeka ndi kutentha, ndi malo amdima otsukiramo zithunzi. Ndiponso cinthu cojambulidwaco cinayenera kuima ciriri osagwedezeka, ndipo palibe mvuu imene ingabvomere zimenezo. Pensulo imalowa m'thumba la malaya. Siuma kapena kutayika monga inki, ndipo cimene yalemba sicisungunuka pepala likanyowa.

Mtima wa pensulo, uja wakuda umene umalemba, ndi mwala wofewa wochedwa graphite. M'caka ca 1795 munthu wa ku France, Nicolas-Jacques Conté, anapeza njira yopera mwalawu, kuusakaniza ndi dongo ndi kuuocha m'ng'anjo. Dongo likacuruka pensulo imalimba nilemba mzere woonda ndi wotuwa. Pensulo yotere imakhala ndi cilembo H. Dongo likacepa pensulo imafewa nilemba mzere wakuda bii. Imeneyi imakhala ndi cilembo B. Wolemba zithunzi amafuna mitundu yonse iwiri, monga mmisiri wa matabwa amafuna sowo ndi mbedza zace zosiyana.

Koma cida cacikulu koposa pensulo ndico diso. Mwana wa sukulu akauzidwa kuti alembe ng'ombe, amalemba miyendo inai yoima mofanana, nyanga ziwiri ndi mcira, cifukwa akulemba cimene acidziwa m'mutu mwace. Wolemba zithunzi weniweni amayamba wakhala pansi ndi kuyang'ana, ndipo amaona kuti mwendo umodzi wabisika, nyanga ina yaphimba khutu, ndipo msana wapindika cifukwa ng'ombeyo irikudya. Amalemba zimene aziona, ngakhale zisiyane ndi zimene anali kuganiza. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nchito iyi iri comweco: nthawi yoyang'ana imaposa nthawi yolemba.

Pofuna kuti msinkhu wa zinthu ukhale woona, iye amatambasula mkono atagwira pensulo, natsinzina diso limodzi, nayesa utali wa mtengo ndi cala cace cacikulu pa pensulopo. Pamenepo amaona kuti muyeso womwewo ulowa kangati m'phiri limene liri kumbuyo kwace. Polemba dziko, coyamba ndico mzere wa kumene thambo lioneka ngati lakomana ndi nthaka kapena madzi. Zinthu zakutali amazilemba zazing'ono ndi zacizimezime, ndi pensulo yolimba. Zapafupi amazilemba zazikulu ndi zakuda, ndi pensulo yofewa. Motero pepala lopyapyala limaoneka ngati liri ndi mtunda wa masiku awiri m'kati mwace.

Pensulo iribe utoto, cotero zonse zimaoneka ndi kuwala ndi mthunzi. Wolembayo amayang'ana kumene dzuwa liri, nagoneka pensulo cammbali kuti adetse mbali ya thanthwe imene dzuwa silifikako. Pamene pali thobvu la madzi kapena mcenga wowala salembapo kanthu, pakuti kuyera kwa pepala ndiko kuyera kwa madziwo. Zamoyo ndizo zobvuta koposa, cifukwa njati kapena munthu wopalasa bwato sadikira. Apa amayamba ndi mzere umodzi wa msana, naonjezapo mutu ndi miyendo msanga msanga, ndipo cinthuco cikatembenuka amayamba cina pambali. Tsamba limodzi limadzala tizithunzi tambiri tosatha, koma m'menemo ndimo dzanja limaphunzira mayendedwe a nyama iriyonse.

Umu ndimo Baines anagwirira nchito yace zaka zoposa 30. Ankalemba cinthu ali pamaso pace, ndi pensulo kapena ndi utoto wa madzi, ndipo kawirikawiri ankalembapo dzina la malowo ndi tsiku lace. Zithunzi zazikulu za utoto wa mafuta ankazipanga pambuyo pace, akapeza pokhala, potsata zimene zinali m'buku. Ankalembanso mapu a njira zimene anapitamo ndi mbiri ya tsiku ndi tsiku.

Pa ulendo wa Zambezi iye anakhala nthawi yaitali ku Tete, kumene malungo anamsautsa kwambiri. Analemba tauniyo ndi nyumba zace, mabwato, mitengo, ndi sitima ya ulendowo yochedwa Ma Robert. Analembanso nkhope za anthu a kumeneko ndi maina ao, monga Conde wa ku Tete, ndi Shibante wa ku Mazaro amene anali woongolera bwato. Anapita kukalemba mathithi a Kebrabasa, amene anatsekereza sitima ya Livingstone. Damu la Cahora Bassa litatha kumangidwa m'caka ca 1974, madzi anamiza dera lalikulu la cigwa cimeneco, ndipo lero wofuna kudziwa m'mene miyala ija inaimira amayang'ana, mwa zina, zithunzi za Baines.

Ulendowo sunamthere bwino. M'caka ca 1859 Livingstone anamcotsa nchito pomnenera kuti waononga katundu amene anampatsa kuti asunge. Baines anakana mlanduwo ndipo anapempha kuti uweruzidwe poyera, koma sizinatheke. Olemba mbiri ambiri masiku ano amaganiza kuti anamlakwira. Iye sanataye pensulo yace ai. M'caka ca 1861 ananyamuka ku Walvis Bay, m'dziko limene tsopano ndi Namibia, pa ngolo za ng'ombe, ndipo anayenda ndi James Chapman. M'cipululu ca kumeneko analemba comera codabwitsa ca masamba awiri okha amene amakula moyo wace wonse, cochedwa Welwitschia, ndipo cithunzico cinafika kwa akatswiri a zomera ku Kew. M'caka ca 1862 analemba milambe ingapo yoima pamodzi pafupi ndi Nxai Pan, ku Botswana. Mitengoyo ikalipo ndipo imadziwika ndi dzina lace. Anthu amene amailinganiza ndi cithunzi cace amapeza kuti yasintha pang'ono cabe.

M'mwezi wa July caka comweco anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene Livingstone anawacha Victoria Falls m'caka ca 1855. Apa madzi amagwa m'phompho lakuya mamita oposa 100, ndipo m'lifupi mwace muli mamita oposa 1,700. Palibe malo amodzi pansi pamene munthu angaone mathithi onse, ndipo nthunzi ya madzi imagwa ngati mvula yosakata. Baines anayenda m'mphepete mwa phompholo masiku ambiri, kulemba mbali ino lero, mbali ina mawa, kufikira atamvetsa m'mene mtsinje umakhotera pansi pace. Zithunzi zimenezi zinasindikizidwa ku London m'caka ca 1865, ndipo zimaonetsa malowo mlatho wa njanji wa 1905 usanamangidwe.

Baines anali Mzungu wa nthawi yace, ndipo zaka zace zotsiriza anazithera pofunafuna golide m'dziko la Mfumu Lobengula m'malo mwa kampani ya ku England. Woyang'ana zithunzi zace ayenera kukumbukira kuti diso limene linasankha zolembazo linali la mlendo. Koma popeza mlendoyo analemba mtondo, nkhafi, nyumba ndi nkhope monga anaziona, zidzukulu za anthu aja zikhoza kupezamo za makolo ao zimene iye mwini sanazimvetse.

Anamwalira ndi kamwazi ku Durban pa 8 May 1875, ali wosauka. Zithunzi zace zambiri zimasungidwa ku Royal Geographical Society ku London ndi ku National Archives ku Harare. Njira yace iribe cinsinsi ndipo siifuna ndalama zambiri. Mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi pensulo ndi kope akhoza kukhala pansi pa mtengo, nalemba nkhokwe ya kwao, dooko la pamtsinje, kapena agogo ace akusenda nzimbe, nalembapo tsiku ndi dzina la mudzi. Cithunzi coyamba cidzakhala copotoka, ca makumi awiri cidzayamba kufanana ndi mwini wace, ndipo zaka 50 zikapita padzapezeka wina wofuna kudziwa m'mene mudziwo unaliri.