Anyamata a laputopu: nchito ilipo, koma kulipilidwa ni nkhondo

Mukakwela basi ya ku Chelstone m'mawa, simungalephele kuona mnyamata amene wakumbatila cola ca laputopu monga mwana. Pa Mande n'nakhala pafupi na mmodzi wa iwo. Tili mu jamu ya pa Manda Hill, anandiuza kuti alibe ofesi. Lelo akonza netiweki ku Woodlands, mailo aika makamela ku Kabulonga, tsiku lina ali pa sukulu ku Kabwata. Koma ndalama za nchito imene anatsiliza miyezi iwili yapitayo akali kuzilondola.

Awa ndiwo ma IT contractor. Alibe malipilo a pamwezi, alandila nchito ikatha. Makampani manje akonda zimenezi, kaili munthu wotele samupatsa livu, samulipilila NAPSA. Zinthu zikathina, amangoleka kumuitana.

Ndipo zinthu zathinadi. Mu November 2020 Zambia inalephela kulipila nkhongole ya Eurobond. Mu 2024 dola inapitilila K27, pamene laputopu, router na mawaya zonse zicokela kunja. Caka comweco cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumapita mpaka maola 21 patsiku. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake, ndipo mapulojekiti ambili a mabungwe anatsekedwa. A IT amene anali kusebenza kumeneko analowa mumsika umodzimodzi. Ofuna nchito akaculuka, kasitoma ndiye amachula mtengo. Kwacha italimbako mu 2025, kasitoma yemweyo ndiye anali woyamba kukukumbutsa kuti dola yatsika.

Koma sikuti nchito yatha. Kuyambila July 2024, mabizinesi olembetsa VAT afunika kugwilitsila nchito Smart Invoice ya ZRA, ndipo ambili afuna munthu wowalumikizila. Starlink inafika kuno mu October 2023. Load shedding inapangitsa maofesi kugula sola na ma inverter. Amene adziwa zonsezi pamodzi sakhala cabe.

Vuto ili pa kuika mtengo. Pa malipilo a consultancy, kampani imadula 15 pesenti ya withholding tax. Ukachula K1,000, m'manja mulowa K850, ndipo pamenepo ucotsepo basi, ma bundle na cakudya. Conco, a laputopu, welengelani zonsezi mukalibe kuchula mtengo. Lembelanani pangano papepala, tengani dipoziti ya zipangizo, ndipo lembetsani ku ICTAZ monga mmene lamulo la 2018 likunenela. Na inu abwana, nchito ikatha lipilani. Mwine nyumba wa mnyamatayu sayembekeza kuti ceke isainidwe.

Titafika m'tauni, foni yake inalila. Anali kasitoma uja wa nkhongole: intaneti yafanso pa ofesi. Mnyamata anayamba wafunsa za ndalama zake, kenako anaseluka n'kuyamba kufuna basi ya ku Woodlands.