Malume analuza ukhansala, koma owombera m'manja aja anali kuti?

Ena mwa inu mwakhala mukunditcha "akhansala aang'ono" chifukwa malume anga anaima nawo pa chisankho chapadera cha m'dera lathu ndipo analuza. Sekani ndithu, nanenso ndimaseka. Koma ndati ndilembe zimene ndinaona ndi maso angawa, chifukwa ambiri mukuganiza kuti anthu anawakana malume. Si mmene zinalili.

Chisankho chapadera chimachitika mpando ukatsala wopanda munthu nthawi yake isanathe, monga khansala akamwalira kapena akatula pansi udindo. Bungwe la MEC limalengeza tsiku, ndipo amavota ndi anthu a m'wodi imeneyo basi. Kwathu khansala anamwalira. Malume anaima paokha, opanda chipani, ndipo aka kanali koyamba. Kuti alipire ndalama yolembetsera ndi kusindikiza mapositala anagulitsa mtedza wawo ndi mbuzi ziwiri za agogo. Misonkhano yawo inkadzaza. Amayi ankavina, anyamata ankaimba malikhweru, mpaka ine ndinayamba kuyenda monyada.

Tsiku lovota ananditumiza kukapereka nsima kwa monita wa malume pasukulu ya pulaimale pamene panali malo ovotera. Ndinkaganiza kuti ndipeza mzere wofika kumsewu. Ndinapeza agogo atatu ndi bambo mmodzi wa njinga. Ogwira ntchito ankangocheza pamthunzi. Madzulo atawerenga mavoti anamata pepala la zotsatira, ndipo chimene chinandidabwitsa sichinali nambala ya malume ayi, koma kusiyana kwa anthu olembedwa m'kaundula ndi amene anabweradi. Amene anakhala kunyumba anali ambiri kuposa mavoti a opikisana onse titawaphatikiza.

Apa tichite masamu pang'ono, a Mathematics Club musathawe. Tiyerekeze kuti wodi ili ndi anthu 10,000 olembetsa, koma abwera 2,000 okha. Opikisana alipo anayi. Mmodzi atapeza mavoti 700, wachiwiri 600, wachitatu 400, wachinayi 300, wa 700 uja ndiye khansala. Lamulo la 50+1 limene tinalimva kwambiri mu 2020 ndi la mtsogoleri wa dziko yekha. Kwa khansala ndi phungu, wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi. Ndiye m'chitsanzo chathuchi anthu 7 pa 100 aliwonse asankhira wodi yonse mtsogoleri. Ndipo wachiwiri uja waluza ndi mavoti 100, pamene anthu 8,000 ali kumunda kapena pa bawo.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu sabwera? Vutoli si la kwathu kokha, ndipo silinayambe lero. Pa chisankho cha makhansala cha mu November 2000, ovota anali pafupifupi 14 pa 100 aliwonse olembetsa m'dziko lonse. Makhansala amenewo nthawi yawo itatha mu 2005, Malawi anakhala wopanda makhansala mpaka pa 20 May 2014, pamene kunachitika zisankho zapatatu zoyamba, za mtsogoleri wa dziko, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi. Zaka 9 zathunthu! Makolo athu anazolowera kuti mjigo ukawonongeka nkhani imapita kwa amfumu kapena kwa aphungu. Mu 2014 anthu anavota ambiri, pafupifupi 70 pa 100, koma ine ndikuona kuti ambiri anadzukira pulezidenti, pepala la khansala n'kungolichonga poti lili kale m'manja. Khansala akatsala yekha pa chisankho chapadera, mzere uja umatha.

Chonsecho ntchito ya khansala ndi imene ili pafupi kwambiri ndi ife. Iyeyu amakhala pa misonkhano ya khonsolo ya boma, kumene amavomereza bajeti ndi malamulo ang'onoang'ono a m'deralo. Madandaulo ochokera ku makomiti a chitukuko, a VDC ndi ADC aja, iye ndi amene amayenera kukawalankhulira: mijigo, zimbudzi za pamsika, midadada ya sukulu za pulaimale, timisewu ta m'midzi. Inu amene mumavula nsapato powoloka kamtsinje pobwera kusukulu nthawi ya dzinja, n'kufika piriyodi yoyamba itatha, kamlatho kanu kamayenera kudutsa pakamwa pa munthu ameneyu.

Chisankho chitatha malume anayendera anthu kukathokoza, ine ndikuwanyamulira chikwama. Zifukwa zimene ndinamva ndi izi. Ambiri anati inali nthawi yopalira, munda sudikira. Apa sindingawadzudzule kwambiri, chifukwa udzu ukakula mbale imachepa. A kutsidya anati mtsinje unadzaza, zimene zinandiseketsa mopweteka, poti mlatho womwewo ndi umene malume ankalonjeza kukaumenyera nkhondo. Ena anali atataya chiphaso chovotera ndipo anachita ulesi kukafunsa chochita. Bambo wina ananena mosabisa kuti, "Achimwene, simunatisiyire ngakhale ya sopo." Malume anayankha kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa anthu. Bamboyo anangoti, "Lamulo silichapa zovala," n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Koma chifukwa chimene chinawapweteka kwambiri malume chinachokera kwa anthu owakonda. "Ife timati mwawina kale, misonkhano yanu mmene inkadzazira muja." Aliyense ankaganiza kuti mnzake apita. Pamene amene anawina uja, misonkhano yake sinali yaikulu, koma chipani chake chinali ndi anthu mudzi uliwonse amene ankadziwa wolembetsa ndi wosalembetsa, ndipo ankawakumbutsa khomo ndi khomo za tsikulo. Malume ankawerenga manja owombedwa, mnzawoyo ankawerenga mayina.

Panali ndi ena amene anangonama. Azakhali ena anati, "Ife tinakuvoterani m'mamawa ndithu," uku dzanja ataliloweka m'chitenje. Aliyense amadziwa kuti wovota amamuviika chala mu inki yosachoka msanga. Malume anaona, koma sananene kanthu. Tili m'njira ndi pamene anandifunsa kuti, "Iwe, chala chija unachiona?"

Panopa malume anakopera zotsatira za malo onse ovotera m'kope langa lakale la Social Studies, ndipo madzulo amakhala pakhonde n'kumaziyang'ana. Akuti adzaimanso pa chisankho chikubwerachi, ndipo akufuna ine ndi anzanga tikadzakwanitsa zaka 18 tidzalembetse tsiku loyamba lomwelo. Agogo anamva zimenezi ali kukhitchini. Anatuluka ndi mthiko m'manja n'kunena kuti kuima aime, koma khola lawo asaliyandikirenso.