Kukonza Phwando la Tsiku Lobadwa la Mtsikana wa Zaka 13 Pakhomo

Agogo anga aakazi sadziwa tsiku limene adabadwa. Mukawafunsa zaka zawo amangoti pa njala ya 1949 adali kamtsikana kotha kubereka mwana kumsana, ndipo tsiku limene lidalembedwa pachiphaso chawo cha unzika m'chaka cha 2017 lidali longoganizira. Mng'ono wanga ndi wosiyana nawo. Iye tsiku lake amalidziwa bwino, kotero kuti m'chaka cha 2024, mwezi wa Ogasiti ukuyandikira, ankatikumbutsa m'mawa ndi madzulo kuti akukwanitsa zaka 13. Popeza ndine mwana woyamba ndipo ndidali patchuthi, amayi adandisenzetsa udindo wokonza phwando lake pakhomo pathu ku Matawale, mumzinda wa Zomba. M'nkhani ino ndifotokoza ndondomeko imene ndidatsata ndi zimene ndidaphunzirapo. Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti phwando lotere limayenda bwino ngati mwiniwake sachititsidwa manyazi pamaso pa anzake, ndiponso ngati banja silitsala ndi ngongole.

Tisanalowe m'ndondomeko, nkofunika kumvetsa munthu amene tikumukonzera phwandoyo. Mtsikana wa zaka 13 si khanda loti mungoligulira masiwiti ndi zibaluni ilo n'kukondwa. Komanso si munthu wamkulu, pakuti kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Pamsinkhu umenewu thupi limakhala likusintha, manyazi amachuluka, ndipo mawu a anzake amalemera kwambiri mumtima mwake. Kanthu kamene ife akulu tingakaseke n'kukaiwala, iye akhoza kukakumbukira zaka zambiri.

Choyamba, tsono, ndi kumufunsa mwiniwake. Ine ndidali nditayamba kale kulingalira za tenti, zokuzira mawu ndi chinamtindi cha anthu. Tsiku lina tikutsuka mbale ndidamufunsa kuti, “Kodi iwe ukufuna phwando lotani?” Iye adati, “Achemwali, ine sindikufuna anthu ambiri. Ndikungofuna anzanga a m'kalasi, chifukwa tikapita ku Fomu 1 mwina sitidzaonananso.” Adali atangolemba kumene mayeso a Sitandade 8, ndipo ankadziwa kuti ena adzasankhidwira kusukulu zogonera komweko pamene ena adzatsala kusukulu zoyendera. Apa ndidazindikira kuti kwa iye phwandolo lidali lotsanzikana ndi anzake. Ndikadapanda kufunsa, ndikadakonza phwando lokomera ine.

Chachiwiri ndi ndalama. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi ufa wa tirigu idakwera kwambiri. Pachifukwa ichi ndidayamba ndafunsa amayi ndalama zimene angathe kutulutsa popanda kukhudza za yunifolomu, makope ndi fizi ya ku Fomu 1. Tidagwirizananso kuti sitipita kwa akatapila kapena kukakongola kubanki m'khonde. Kenaka ndidatenga kope n'kugawa tsamba patatu. Mbali yoyamba ndidalembako zoyenera kugula, monga mpunga, mafuta, shuga, mazira ndi makala. Mbali yachiwiri ndidalembako zobwereka, monga mipando, mikeka, mbale ndi masefuliya aakulu. Mbali yachitatu idali ya zopempha kwa abale. Paja mutu umodzi susenza denga: amalume adalonjeza nkhuku ziwiri, azakhali ufa ndi chimera, pamene oyandikana nawo nyumba adatibwereka mipando. Gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalamazo ndidalisunga padera, ndipo ndi lomwe lidatipulumutsa makala atatha phwando lili mkati.

Chachitatu ndi kusankha oitanidwa, ndipo apa mpamene padavuta. Mng'ono wanga adalemba mayina 12, atsikana khumi ndi anyamata awiri. Amayi ataona mndandandawo adadandaula. “Nanga amayi anzanga akumpingo adzati chiyani akadzamva kuti pakhomo pano padali phwando iwo osaitanidwa?” adatero. Dandaulo lawo lidali lomveka, chifukwa kwathu kuno mwambo uliwonse umakhala wa mudzi wonse. Komabe ndidawafotokozera kuti akulu akachuluka, ana amakhala chete pangodya kapena amasanduka otumikira, ndipo mwini phwando amathera tsiku lake akuperekera madzi osamba m'manja. Tidagwirizana kuti abale apafupi okha adzadye nafe nkhomaliro masana, ndipo anzake a mwana adzabwere pambuyo pake. Za anyamata awiri aja, bambo adavomera pokhapokha zonse zichitikire pabwalo, poonekera. Mwana aliyense tidamuitana kudzera kwa makolo ake, ena pafoni ena powayendera, n'kuwauza nthawi yoyambira ndi yothera. Kholo likadziwa kumene mwana wake ali ndi amene akumuyang'anira, silivuta kuloleza.

Chachinayi ndi tsiku ndi nthawi. Tsiku lenileni lobadwa lidagwera pakati pa sabata, choncho tidayenera kusankha lina. Loweruka silidatheke chifukwa mnzake wapamtima amapemphera mpingo wa Seventh-day Adventist, umene umasunga Sabata kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa mpaka Loweruka dzuwa litalowa. Tidasankha Lamulungu, kuyambira 2 koloko masana anthu ataweruka kutchalitchi mpaka 5 koloko. M'mwezi wa Ogasiti mdima umayamba kugwa 6 koloko isanakwane, ndipo si bwino kuti atsikana aziyenda usiku. Ubwino wa mweziwu ndi wakuti kulibe mvula. Amene mwana wawo adabadwa pakati pa Novembala ndi Epulo ayenera kukonzeratu khonde kapena chipinda chothawiramo.

Chachisanu ndi chakudya. Ndidaphunzira kuti zakudya zochepa zophikidwa bwino zimaposa mitundu yambirimbiri yosakwanira. Kumsika wa Zomba ndidagula makilogalamu 4 a mpunga wolimidwa m'madambo a kunyanja ya Chilwa, nkhuku zina ziwiri, kabichi, tomato, anyezi ndi mbatatesi zokazingira tchipisi. Ndidagulanso manachesi a ku Mwanza, amene nyengo imeneyi amapezeka mosavuta. Awiri mwa oitanidwa adali Asilamu, choncho tidapempha bambo wina wachisilamu wa m'dera lathu kuti atizingire nkhuku zonse zinayi, ndipo tidawadziwitsa makolo awo. Ndi chinthu chaching'ono, koma chimathandiza kuti mlendo asakhale ndi mpunga wopanda ndiwo anzake akudya.

Zakumwa zam'mabotolo zimadya ndalama zambiri, ndiye tidangogula Sobo wosungunula ndi madzi owiritsa, n'kukonza thobwa. Thobwa limafuna kuyambiratu dzana lake. Mumaphika phala la ufa wa chimanga, n'kulisiya kuti lizizireko mpaka lifike pofunda chabe. Kenaka mumathiramo chimera n'kutakasa, ndipo phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Likagona usiku umodzi mumaliwiritsanso, n'kuthiramo shuga pang'ono ngati mukufuna. Musalisunge masiku ambiri, chifukwa limasasa n'kuyamba kusanduka mowa, chinthu chosayenera konse paphwando la ana. Pachifukwa chomwecho tidapempha amalume kuti botolo lawo alisiye kwawo tsikulo.

Keke ndiyo imene ana amaiyembekezera kwambiri, koma yogula idali yodula ndipo kwathu kulibe uvuni. Tidaiphika pambaula. Tidapota majarini wokwana magalamu 250 pamodzi ndi kapu imodzi ndi theka ya shuga mpaka zitafewa, n'kuswera mazira anayi limodzilimodzi. Tidathiramo makapu atatu a ufa wa tirigu wosefa pamodzi ndi timasupuni titatu ta baking powder, kenaka kapu imodzi ya mkaka. Zosakanizazo tidazithira m'chitini chopaka mafuta. Musefuliya yaikulu tidayalamo mchenga wouma wokwana zala ziwiri kuya kwake, n'kuitenthetsa pambaula. Chitini chija tidachikhazika pamchengawo, n'kuvundikira ndi chivundikiro chimene tidaikapo makala amoto. Chinsinsi chake nchakuti moto wapamwamba uzichulukirapo kuposa wapansi, apo ayi keke imapserera kunsi mkati muli mwamuwisi. Pakatha pafupifupi ola limodzi mumabaya pakati ndi mpeni woyera. Ukatuluka wouma ndiye kuti yapsa. Ndikulangiza kuyeserera sabata imodzi phwando lisanafike. Yathu yoyeserera idapserera, ndipo tidamwera tiyi tokha popanda mlendo woiona.

Chachisanu ndi chimodzi ndi malo. Tidasesa pabwalo, kuwazapo madzi kuti fumbi ligone, n'kuyala mikeka pansi pa mtengo wa mango. Zokongoletsa adapanga yekha mwini phwando ndi anzake awiri pogwiritsa ntchito mapepala amitundumitundu ndi zitenje za amayi. Pali chinthu china chimene okonza maphwando amaiwala: atsikana ena a msinkhu umenewu amakhala atayamba kusamba. Nkofunika kuti chimbudzi chikhale chaukhondo, chotsekeka bwino, chokhala ndi madzi ndi sopo, ndiponso kuti mapadi aikidwe pamalo pamene mtsikana angatenge popanda kupempha munthu.

Mfundo yachisanu ndi chiwiri, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse, ndi yokhudza zoyankhula za akuluakulu. Kutatsala masiku awiri, azakhali adandiuza kuti akonza mawu oti adzayankhule keke isanadulidwe. Ankafuna kumulangiza mwana za kudzisunga, za anyamata ndi za kavalidwe, n'kutchulanso zolakwa zake zina kuti anzake atengerepo phunziro. Mng'ono wanga atamva adadzitsekera kuchipinda, nati kuli bwino phwandolo lilephereke. Ine sindikadatha kuwatsutsa azakhali pamaso, choncho ndidakadandaula kwa agogo. Iwo adawaitana azakhaliwo n'kuwauza kuti, “Kodi inu mudalangizidwira pabwalo, anyamata akumvera? Mwambo wa mwana wamkazi umaperekedwa kuseri. Lolani mwana adye ndi anzake, zinazo tidzakhala naye pansi tsiku lina.” Mawu amenewa adandiphunzitsa kuti phwando la tsiku lobadwa sililowa m'malo mwa chinamwali kapena chilangizo cha kumpingo. Malangizo ndi ofunika ndithu, koma ali ndi nthawi yake, malo ake ndi eni ake. Patsikulo azakhali adangotsegula ndi pemphero lalifupi, bambo adayamikira mwana wawo chifukwa cholimbikira sukulu, ndipo zoyankhula zidathera pomwepo.

Tsiku litafika, si zonse zidayenda monga ndidalembera m'kope. Nyimbo zimene mwini phwando adasankha zidangolira mphindi zochepa magetsi n'kuzima. Poyamba ana adangoti duu, kuyang'anana. Mwamwayi ndidali nditakonzeratu mpira wansanza ndi chingwe, ndipo posakhalitsa atsikana amene ankadziona ngati akuluakulu adavula nsapato n'kuyamba fulaye ndi jingo. Atatopa adakhala pamkeka n'kumaponyerana zilape, agogo ali woweruza. Ife akulu tidakhala pakhonde, pafupi moti n'kuona zonse koma patali moti ana n'kumacheza momasuka. Ana aang'ono a m'nyumba zoyandikana nawonso adabwera, monga zimakhalira kwathu kuno. Sitidawathamangitse, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tidali titawakazingira beseni la mbuliwuli ndi kuwayalira mkeka wawo pambali.

Pankhani ya mphatso tidasamalanso. Poitana tidanenetsa kuti mphatso si yokakamiza, ndipo sitidachite perekaniperekani monga zimakhalira paukwati, chifukwa mwana amene alibe ndalama amaonekera poyera. Mtsikana wina adaima nthawi yaitali pachipata, manja ali kumbuyo, chifukwa adabwera chimanjamanja. Mng'ono wanga adathamanga kukamugwira dzanja n'kumukhazika pafupi naye. Mphatso zonse zidalandiridwa ndi manja awiri n'kukaikidwa m'nyumba, ndipo zidatsegulidwa alendo atapita kuti pasakhale kuyerekeza. Zithunzi tidajambula ndi foni imodzi, ndipo tidagwirizana kuti palibe choikidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook popanda chilolezo cha mwini chithunzi ndi makolo ake. Nthawi ya 5 koloko itakwana, ine ndi msuweni wanga tidaperekeza okhala kutali mpaka pakhomo pawo.

Pomaliza, ndinene kuti ntchito yambiri ya phwando imachitika tsikulo lisanafike: kufunsa mwiniwake, kuwerengera ndalama, kukambirana ndi makolo a oitanidwa, kuyeserera keke ndi kugwirizana ndi akuluakulu za malire a zoyankhula. Zimenezi sizifuna chuma chambiri, koma nthawi ndi kumvetsera. Mwezi wotsatira mng'ono wanga adayamba Fomu 1 ali ndi yunifolomu ndi makope ake onse, ndipo panalibe wobwera kudzatilonjerera ngongole. Usiku wa phwandolo, tikutsuka masefuliya obwereka aja, adafunsa agogo kuti, “Agogo, nanga inu phwando lanu tidzachite liti?” Agogo adaseka nati tisankhe tsiku lililonse la m'nyengo yokolola, bola padzakhale thobwa.