Kuika Linux koyamba: zimene anthu amaopa ndi zimene ayenera kuopa

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa kuti awonjezeredwe nthawi pang'ono. Windows 11 imene inalowa m'malo mwake imasankha makina. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yazaka zaposachedwa, moti malaputopu ambiri akaunjika a Dell, HP ndi Lenovo, amene ophunzira a m'makoleji ndi maofesi ang'onoang'ono amadalira, sakulandiridwa. Makinawo akadali amoyo ndipo akugwira ntchito bwinobwino. Chimene ataya ndi maapudeti achitetezo, amene amatseka mipata yolowera mbava za pa intaneti. Apa m'pamene dzina la Linux limatulukira, ndipo likangotchulidwa aliyense amakhala ndi zake zimene anamva. Zina n'zabodza, zina n'zoona mwatheka. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti malo amodzi oopsadi pa ntchito yonseyi ndi amene satchulidwa kawirikawiri.

Ambiri amayamba ndi kukayikira ulerewo. Amati pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse singakhale yaulere, pokhapokha itakhala yakuba kapena yosalongosoka. Sindiwadabwa. Tinazolowera kuti wokonza makompyuta akakuikira Windows ndi Office pa kandalama kochepa, pakapita miyezi pakona pa sikirini pamatuluka mawu okuuza kuti zimene ukugwiritsazo zilibe chilolezo. Linux ulere wake ndi wolembedwa m'chilolezo chenichenicho. Richard Stallman anayambitsa ntchito ya GNU mu 1983 pofuna mapulogalamu amene munthu aliyense angawakopere, kuwasintha ndi kugawira ena. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba phata la pulogalamu imene inatenga dzina lake, ndipo chaka chotsatira analiika pansi pa chilolezo cha GPL. Chilolezochi chimakulola kukopera, kugawa, ngakhale kugulitsa. Lamulo lake n'lakuti ukasintha kanthu n'kugawira ena, usabise mmene wasinthira. Choncho mnzako akakupatsa Ubuntu, umodzi mwa mitundu ya Linux, pa fulashi, palibe waba.

Za kusalongosoka n'zosavuta kuyankha. Foni iliyonse ya Android imayenda pa phata la Linux. Makompyuta 500 amphamvu kwambiri padziko lonse, amene mndandanda wake umatuluka kawiri pachaka, onse akhala akuyendera Linux kuyambira Novembala 2017. Olemba mapulogalamuwa ambiri ndi antchito olipidwa ndi makampani monga Intel, Google ndi Red Hat, kampani imene IBM inaigula mu 2019 pa madola 34 biliyoni.

Komabe amene amati Linux siwononga ngakhale tambala nawonso akunama. Pulogalamuyo sigulidwa, koma njira yoifikitsira pa kompyuta yako ndi ya ndalama. Fayilo ya Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi magigabaiti 6, ya Linux Mint pafupifupi 3. Kwa munthu wogula bandulo ya pa foni imeneyo si nkhani yaing'ono, makamaka netiweki ikaduka fayilo ili pakatikati. Pamafunikanso fulashi ya magigabaiti 8 yoti ifufutidwe yonse, ndipo ukangomaliza kuika, maapudeti oyamba amadyanso deta yochuluka. Vuto limeneli analidziwa Mark Shuttleworth, wa ku South Africa, amene anayambitsa Ubuntu mu Okutobala 2004. Kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD kwaulere kudzera pa positi kwa aliyense wopempha mpaka 2011, ndipo bungwe lake linaika m'malo ena a ku South Africa makina otchedwa Freedom Toaster, kumene munthu ankapita ndi CD yopanda kanthu n'kubwerako ndi Linux. Masiku ano nzeru yake ndi yomweyo: mmodzi apange dawunilodi pamene pali Wi-Fi ya kusukulu kapena kuntchito, khumi aikire pa fayilo imodziyo.

Kungoti mmodziyo atenge fayilo pa webusaiti yeniyeni ya eni ake, ndipo aitsimikize. Mu Febuluwale 2016 mbava zinathyola webusaiti ya Linux Mint n'kulozera anthu ku fayilo yomwe zinabisamo khomo lawo lolowera. Zinadziwika msanga, koma ena anali atatenga kale. N'chifukwa chake pambali pa fayilo iliyonse eni ake amalembapo mzere wautali wa manambala ndi zilembo wotchedwa SHA256. Kompyuta yako imatha kuwerengera mzere womwewo kuchokera pa fayilo imene watenga. Mizere iwiriyi ikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, fayiloyo inaduka panjira kapena wina anaigwiragwira. Oyamba kumene ambiri amadumpha sitepe imeneyi, kenako n'kumaimba mlandu Linux pamene kuika kwaima pakati chifukwa cha fayilo yopunduka.

Chikhulupiriro chofala koposa n'chakuti Linux ndi ya akatswiri, ya sikirini yakuda yodzaza ndi malamulo olemba pamanja. Zinalidi choncho m'zaka za m'ma 1990. Lero ukayatsa Linux Mint, imene Clément Lefèbvre anayamba mu 2006, umapeza batani la menyu pansi kumanzere, wotchi kumanja, mafoda otsegula ndi mausi, Firefox ndi LibreOffice zili kale m'malo. Munthu amene anagwirapo Windows 7 sasochera. Chimene chimasokoneza n'chakuti Linux ilipo mitundu mazanamazana, ndipo aliyense amatama wake. Kwa woyamba kumene ine ndimatchula iwiri yokha: Linux Mint, kapena Ubuntu yolembedwa LTS, imene imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo imasamalidwa zaka zisanu. Anyamata ambiri amathamangira Kali Linux poti anaiona m'mavidiyo a akatswiri othyola makompyuta. Kali inapangidwira ntchito yoyesa chitetezo cha manetiweki, ndipo eni ake enieniwo amanena kuti si yoyambira. Woyamba ndi Kali ndi amene mawa amapita akulengeza kuti Linux njovuta.

Sikirini yakuda ija ilipo ndithu, dzina lake terminal, koma poika Mint kapena Ubuntu suifuna. Udzakumana nayo tsiku lina ukamafufuza yankho pa intaneti, ndipo pamenepo langizo langa ndi limodzi: mzere woyamba ndi mawu akuti sudo umapatsa lamulolo mphamvu pa kompyuta yonse, choncho usaukopere usanamve chimene ukuchita. Safunsa anadya phula.

Ena amaganiza kuti fayiloyo amangoiponya pa fulashi monga amachitira ndi nyimbo. Ikaponyedwa choncho kompyuta siyakirapo. Pamafunika kapulogalamu kaulere monga Rufus kapena balenaEtcher koti kailembe mwapadera, ndipo polembapo kamafufuta zonse zimene zinali pa fulashiyo. Ukatero umazimitsa laputopu, kulowetsa fulashi, kuyatsa n'kumadina batani lotsegula mndandanda wa poyakira chizindikiro cha kampani chisanachoke: pa Dell ndi Lenovo kawirikawiri ndi F12, pa HP ndi Esc kenako F9. Ukachedwa Windows imangoyaka monga mwa masiku onse, ndipo palibe chawonongeka, umangoyambiranso.

Zimene zimatsatira ndi zimene anthu ochepa amadziwa, ndipo zikanachotsa theka la mantha. Linux imayaka yonse kuchokera pa fulashi, osakhudza chilichonse cha mkati mwa kompyuta. Pa sikirini pamabwera desikitopu yathunthu, pakona pali kachizindikiro koikira, ndipo ukapanda kukadina palibe chimene chalembedwa pa disiki yako. Ola limeneli ndi lagolide. Lumikiza Wi-Fi uone ngati ikugwira. Tsegula vidiyo umve ngati mawu akutuluka, lowetsa mahedifoni, yesa kamera, yesa mabatani owonjezera kuwala. Lumikiza pulinta ya mu ofesi usindikize tsamba limodzi. Tsegula lipoti lako lenileni la Word mu LibreOffice uone ngati matebulo akhala m'malo mwake. Kompyuta ikamachedwa pang'ono usadandaule, fulashi ndiyo imachedwa kuwerenga. Wi-Fi ikapanda kuoneka, kawirikawiri vuto limakhala kachipangizo ka Broadcom kamene kamafuna dalaivala yapadera. Foni ya Android yolumikiza ndi chingwe, utayatsa USB tethering, imapereka intaneti yotengera dalaivalayo. Zikakanika zonse umazula fulashi, kuyatsanso, ndipo Windows yako ili pomwe unaisiya.

Tsopano tifike pamalo oopsa aja. Ukadina koikira, umafunsidwa chinenero, kiyibodi, dera la nthawi, mafunso opepuka amene amakuzoloweza kudina batani lopitirira osawerenga. Kenako pamabwera tsamba lofunsa mmene disiki igawidwire. Pa Linux Mint pamakhala zosankha zitatu: kuika pambali pa Windows, "Erase disk and install Linux Mint", ndi "Something else". Yachiwiriyo imachita ndendende zimene yanena. Apa m'pamene chikhulupiriro china chimapweteketsa anthu kuposa zonse: "mafayilo anga ali pa D, ndiye ali bwino." Anaphunzira zimenezi kwa okonza makompyuta, amene akamaikanso Windows amafomata C yokha n'kusiya D. Koma pa malaputopu ambiri C ndi D ndi zipinda ziwiri za nyumba imodzi, ndipo "Erase disk" imagwetsa nyumba yonse. Zithunzi za ukwati, kafukufuku wa chaka chomaliza, mabuku a ndalama a bizinesi, zonse zimapita pa kudina kumodzi. Linux siitchula n'komwe magawowo kuti C kapena D. Imawatcha mayina monga sda2 kapena nvme0n1p3, ndipo woyamba kumene amene wasankha "Something else" akhoza kufufuta gawo lolakwika akuganiza kuti akusamala.

Choncho mafayilo onse ofunika akopedwe kaye pa disiki ina yakunja, ndipo mwini wake atsegule angapo pa kompyuta ina kuti aone ndi maso kuti akopekadi. Izi n'zofunika ngakhale kwa wosankha kuika pambali pa Windows, chifukwa njira imeneyo imapanikiza gawo la Windows kuti pakhale malo, ndipo magetsi akathima ntchitoyo ili mkati disiki ikhoza kusokonekera. Malaputopu akaunjika ambiri batire lake linafa kale, amayaka ali pa chaja basi. Wokhala ndi laputopu yotere asayambe ntchitoyi nthawi imene magetsi amakonda kuthima kudera kwawo. Palinso BitLocker, loko amene Windows yatsopano imaika pa disiki nthawi zina mwini wake osadziwa. Ukasintha za poyakira, Windows ikhoza kupempha kiyi wa manambala 48, ndipo ngati sunamulembe papepala kuchokera mu akaunti yako ya Microsoft, mafayilo ako amakhalapo koma osatseguka.

Okonda Linux nawonso ali ndi nthano zawo, ndipo zimandipweteka kwambiri chifukwa zimachokera kwa anthu ofunira anzawo zabwino. Amati imaukitsa kompyuta iliyonse yakale. Linux Mint imafuna RAM ya magigabaiti 2 kuti iyake ndi 4 kuti munthu agwire ntchito momasuka, ndipo Mint ndi Ubuntu zonse zinasiya kutulutsa mafayilo oikira pa makina akale a 32-bit. Ilipo mitundu yopepuka, monga Mint ya Xfce, Lubuntu, kapena antiX ya makina okalamba kwenikweni, koma masamba a intaneti a masiku ano ndi olemera chimodzimodzi pa pulogalamu iliyonse. Laputopu ya magigabaiti 2 ikatsegula Facebook ndi YouTube pamodzi idzapuma movutikira. Nthawi zambiri chimene chimasintha liwiro koposa ndi kuchotsa disiki yakale yozungulira n'kuikamo SSD.

Amatinso Linux ilibe mavairasi. Choona chake n'chakuti mavairasi olembedwera Windows sagwira ntchito pa Linux, kuphatikizapo uja wotchuka m'malo osindikizira amene amabisa mafoda a pa fulashi n'kusiya ma shortcut. Fulashi yotereyo ukailowetsa pa Mint mafayilo obisika aja amaoneka, ndipo ambiri apulumutsa ntchito zawo mwa njira imeneyi. Koma mu Malichi 2024 injiniya Andres Freund anatulukira khomo lachinsinsi limene munthu wina anabisa mu kapulogalamu kotchedwa xz, kutatsala pang'ono kuti lifike m'mitundu ikuluikulu ya Linux. Ndipo uthenga wachinyengo wopempha mawu achinsinsi a kubanki sufunsa kuti kompyuta yako ikuyendera chiyani.

Nthano yomaliza ndi yakuti zonse za pa Windows zili ndi zolowa m'malo mwake. Zolemba, zowerengera ndalama, intaneti, Zoom, nyimbo ndi mavidiyo, zimenezo zilipo ndipo zimakwanira anthu ambiri. LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale kalembedwe kamasuntha pang'ono pa zikalata zokhala ndi matebulo ambiri, n'chifukwa chake kalata yofunsira ntchito ndi bwino kuitumiza ngati PDF. Koma Microsoft Office yoika pa kompyuta, Adobe Photoshop ndi CorelDRAW zilibe mtundu wa Linux. GIMP ndi Inkscape ndi mapulogalamu abwino, koma wopanga makadi a ukwati ndi zikwangwani amene makasitomala ake amabwera ndi mafayilo a CorelDRAW sangasamuke lero popanda kutaya ntchito. Chimodzimodzi wowerengera ndalama amene ofesi yake imadalira pulogalamu ya Windows yokha, ndi wophunzira amene watsala ndi milungu iwiri kuti apereke kafukufuku wake. Oterewa ayese pa fulashi nthawi imene ali ndi mpata, ndipo akafuna kuika asankhe pambali pa Windows, kuti poyatsa pazibwera mndandanda wosankha imene akufuna tsiku limenelo. Wophunzira uja yekha adikire kaye mpaka kafukufuku ataperekedwa.