Msewu, mvula ndi kachimfine: malonje a ku Furancungo si nkhambakamwa

Mlendo akafika pakhomo ku Furancungo, kaya wachokera ku Chidzolomondo, ku Ulongwe kapena kutsidya kwa malire ku Dedza, sayamba ndi chimene wadzera. Amamuyalira mphasa, amwe kaye madzi, kenako malonje ayambe. "Mwayenda bwanji, amalume?" Iwo amafotokoza kuti chapa, minibasi ija, inachedwa kudzaza, inatitimira m'matope kawiri, ndipo dalaivala amadandaula za sipulingi njira yonse. "Nanga mvula kwanuko?" Inagwa Lachiwiri koma sinalowe pansi. "Ana mwawasiya bwanji?" Ali bwino, kungoti wamng'onoyo ali ndi kachimfine, ndipo agogo ake akudandaula msana. Nkhani zake ndi zomwezi chaka ndi chaka, ndipo masiku ano zimakambidwanso pafoni pakati pa mayi ali kumudzi ndi mwana wawo amene akugwira ntchito ku Moatize kapena ku Johannesburg. Achinyamata ena amatopa nazo, amati ndi mwambo wongotayitsa nthawi. Ine ndikuti akulakwitsa. M'dera ngati la Macanga ndi Tsangano, macheza a galimoto, nyengo ndi timatenda ndiwo njira yodalirika imene banja lili nayo yodziwira msanga kuti zinthu zayamba kupendekeka, ndipo chofunika ndi kuwanola, osati kuwasiya.

Tiyambe ndi malo ake. Furancungo ndi likulu la boma la Macanga, kumpoto kwa chigawo cha Tete, pamtunda wokwera mamita opitirira 1,000, kumene kumazizira mosiyana kwambiri ndi mzinda wa Tete wotentha uja m'mbali mwa Zambezi. Midzi ndi yotalikirana, ndipo misewu yambiri yolowa m'midzimo ndi yafumbi: m'chilimwe imagwedeza galimoto mpaka mabawuti kumasuka, m'dzinja imasanduka phala. Matenda akakula, wodwala amayenera kupita kutali, ku Ulongwe kapena kuchipatala chachikulu cha chigawo ku Tete. Pamalo otere mvula, msewu ndi thupi la munthu sizisiyana. Mvula ndiyo imanena ngati msewu ukudutsika, msewu ndiwo umanena ngati wodwala afika kwa dokotala, ndipo mvula yomweyo ndiyo imaswetsa udzudzu m'zithaphwi. Choncho munthu akafunsa mafunso atatu aja, kwenikweni akufunsa funso limodzi lokha, lakuti mwana atatentha thupi usiku uno, banja lingathe kumufikitsa kuchipatala kodi? Mafunsowo amabwera mosekaseka, koma yankho lake aliyense amalisunga mumtima.

Za nyengo n'zosachita kufunsa, chifukwa chuma cha dera lino chimadalira kumwamba. Macanga ndi dziko la fodya wa bale ndi chimanga, ndipo alimi ambiri amalima pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene imawapatsa mbewu ndi feteleza pa ngongole yodzabweza pogulitsa. Mlimi wotere akawokera mbande chifukwa cha kamvula konamiza, kenako kukachita ng'amba ya masabata awiri, mbande zimapsa koma ngongole imatsala. Matalala a mphindi zochepa amaboola masamba n'kugwetsa giredi ya fodya wa munda wonse. Mvumbi ukatalika fodya ali m'zigafa, amawola asanaume. Ku Tsangano, kumene kumatchuka ndi mbatatesi ndi tirigu, nkhungu ndi chinyezi zimabweretsa chiwawu chimene chimatha munda m'masiku ochepa. N'chifukwa chake chilankhulo chathu sichingoti "mvula" basi. Chili ndi chizimalupsa, mvula yobzalira, mvumbi, mawawa, matalala, ndipo liwu lililonse limauza womva chochita. Mlamu akanena pafoni kuti ku Domwe yagwa yobzalira, wa ku Furancungo amadziwa kuti atulutse mbewu m'thumba. Akanena kuti ntchemberezandonda, mbozi zimene zinafika m'maiko athu ano cha m'ma 2017, zaoneka m'chimanga chake, winayo mawa lake amalawirira kumunda kukasuzumira m'mitima ya chimanga.

Nkhani ya galimoto ndiyo imene anthu a m'tauni samaimvetsa. Mabanja ambiri kuno alibe galimoto yawoyawo, komabe amadziwa galimoto iliyonse ya m'deralo ngati mbale wawo: chapa iti ili ndi mabuleki okayikitsa, lole ya ndani ikutsika ndi mabelo Lachinayi, mnyamata uti wa njinga yamoto amayankha foni pakati pa usiku ndipo samwa mowa, petulo wa m'mabotolo wakwera bwanji. Ameneyu si kaduka kapena kusirira. Ndi kaundula wa mayendedwe amene sanalembedwe paliponse, ndipo banja limamutsegula tsiku limene mayi woyembekezera wayamba kumva kupweteka nthawi isanakwane. Chizolowezichi chili ndi mbiri yake yowawa. Pa nkhondo ya pachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Macanga, Angónia ndi Tsangano anakhala zaka ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe. Masiku amenewo funso lakuti "njira ili bwanji?" linkasiyanitsa moyo ndi imfa, ndipo yankho silinkachokera ku ofesi ayi, linkachokera kwa mlendo amene wangodutsamo. Mfuti zinaleka kulira, koma madzi akadali kudula misewu. Mu January 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revubwe pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo pa mlatho umodzi wotchuka chonchi pali timilatho ta m'midzi tambirimbiri timene tikakokoloka palibe nyuzipepala imalemba. Amene amadziwitsa anzake ndi uja wabwerera panjira.

Tsono tifike pa timatenda, pamene pali phindu lalikulu komanso ngozi yaikulu. Pochita malonje timakonda kuchepetsa: kachimfine, kamutu, kam'mimba, timalungo. Ka- ameneyu ndi waulemu, amateteza mlendo kuti asadzidzimuke asanamwe n'komwe madzi. Koma matenda amene amapha ana ambiri kuno amayamba atavala ka- yemweyo. Mozambique ili m'gulu la maiko ochepa amene ali ndi odwala malungo ochuluka zedi padziko lonse, ndipo bungwe la WHO limachenjeza kuti malungo a mtundu woopsa, umene ndi wofala kuno, angathe kukula mpaka kupha m'maola 24 ngati sanachizidwe. Chibayo chimayamba ngati chimfine cha mwezi wa June, nthawi imene mwera ukuwomba ndipo banja lonse likuwotha moto m'nyumba yodzaza utsi. Chifuwa chachikulu chimayamba ngati kachifuwa kosamva mandimu. Ndiye pali vuto lina limene alimi a fodya ambiri amalitcha malungo pamene si malungo: munthu akamathyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, chikonga cha m'masamba chimalowa pakhungu, ndipo amamva chizungulire, nseru, mutu ndi kusanza. Ana ndiwo amavutika nacho msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono. Apa ndi pamene malonje amaonetsa nzeru zake, chifukwa azakhali amene amva nkhani ziwiri pamodzi, yakuti kunagwa mvula usiku ndi yakuti mnyamata wasanza atachokera kothyola, angathe kulumikiza zimene dokotala wongoona wodwala yekha sangazidziwe popanda kufunsa.

Chaka cha 2022 chinatiphunzitsa kuti kachizindikiro kakang'ono ka m'nyumba imodzi kangathe kukhala nkhani ya maiko. Mu February chaka chimenecho, Malawi inalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo miyezi yotsatira ana 8 anapezeka nayo ku Mozambique, onse m'chigawo cha Tete. Poliyo imayamba ndi kutentha thupi ndi kufooka, zinthu zimene pa malonje zikanangotchedwa timalungo, mpaka mwendo utalefuka. Chaka chomwecho kolera inabuka ku Malawi n'kupha anthu opitirira 1,700 isanazilale, ndipo inafikanso m'zigawo za Mozambique kuphatikizapo Tete. Tizilombo sitidinditsa pasipoti pamalire a Calómuè kapena a Biriwiri. Timayenda ndi anthu opita kumsika wa Lizulu, kumaliro, kuukwati, m'njira zomwezo zimene malonje amayendamo. Mabanja a mbali ziwiri za malirewa ndi amodzi, ndipo nthawi zambiri amamva kuti "kwathu kwabuka kutsegula m'mimba" chikalata cha boma chisanafike.

Wina anganene kuti njira yomweyi ndi imene imafalitsa mabodza, ndipo akunena zoona. Pamphasa pomwepo ndi pamene munthu amauzidwa kuti katemera amatseketsa kubereka, kuti mankhwala othira m'madzi ndiwo akubweretsa kolera, kapena kuti khunyu la mwana wotentha thupi ndi la kwa asing'anga. Pomwepo ndi pamene mapiritsi a malungo otsala kwa mwana wina amapatsidwa kwa mnzake osayezetsa magazi, ndipo amene anawasiyira panjira uja matenda amamubwerera. Izi siziyenera kubisidwa. Koma taonani chimene mfundoyi ikutsimikiza: ikuvomereza kuti mawu a apongozi ndi a atsibweni amamveka kuposa chikwangwani cha pachipatala. Ngati ngalande ikunyamula madzi akuda, mlimi sakwirira ngalandeyo, amakonza kumene madziwo akuchokera. Boma la Mozambique lenilenilo linazindikira zimenezi pamene mu 2010 linatsitsimutsa ntchito ya azaumoyo a m'midzi otchedwa ma APE, anthu osankhidwa ndi mudzi wawo, ophunzitsidwa kuyeza malungo ndi kachipangizo kobaya pachala ndi kuthandiza ana odwala chibayo ndi kutsegula m'mimba. Mphamvu ya APE si chikwama chake chokha. Ndi yakuti amakhala nawo pamphasa, amamva za kachimfine kaja pa tsiku loyamba, ndipo akalankhula amalankhula ngati mwana wa pamudzi.

Wina angatinso zonsezi zinali zofunika kale, lero kuli foni, wailesi ndi akatswiri a zanyengo a INAM. Zoonadi, kuchokera pamene Movitel inayamba ntchito mu 2012 n'kufikitsa netiweki kumidzi yakutali, zinthu zinasintha, ndipo mwana ali ku Tete angathe kutumiza ya thiransipoti pa e-Mola kapena M-Pesa m'kanthawi kochepa. Koma tamverani zimene anthu amakamba pafonipo: ndi malonje omwe aja. Foni inangowatalikitsa miyendo. Ndipo ulosi wa zanyengo, ngakhale uli wofunika, umanena za chigawo kapena boma lonse. Unachenjeza bwino za El Niño amene anaumitsa minda m'dzinja la 2023 mpaka 2024, ndipo mlimi amene anamvera anapindula. Koma sunganene kuti kamtsinje ka kuseri kwa sukulu kadzaza m'mawa uno ndipo njinga yamoto siwoloka. Zimenezo amadziwa ndi amene waima pagombe. Akatswiri amaona patali, achibale amaona pafupi, ndipo banja lanzeru limamvera onse awiri.

Chitsutso chimene chimandivuta kwambiri ndi china. Malonje amatchula matenda opepuka kuti abise olemera. Munthu amanena za msana ndi chimfine momasuka, koma za HIV, za chifuwa chachikulu, za magazi othamanga, za mtima wosweka ndi ngongole ya fodya, amangoti "tilipo". Pamenepa sindingawateteze malonje kotheratu, ndipo munthu ali ndi ufulu wosunga matenda ake. Komabe khomo lolowera ku nkhani zolemerazo ndi lomweli. Mlongo amene wamva kuti achimwene ake ali ndi "kachifuwa" pa Khirisimasi, n'kumvanso mawu omwewo pa Pasaka, ndiye yekha angathe kuwatengera pambali n'kunena kuti, "Achimwene, chifuwachi chatalika, tiyeni tikayezetse makhololo." Amene sanafunse pa Khirisimasi alibe poyambira. Safunsa anadya phula, ndipo pankhani ya matenda phulalo amadya ndi wodwala pamodzi ndi onse ogona naye nyumba imodzi.

Choncho pempho langa kwa mabanja a ku Furancungo, Chidzolomondo, Ntengo-wa-Mbalame ndi Tsangano ndi lakuti funso lililonse la malonje lizikhala ndi mnzake wotsatira. Mukamva kuti mwana watentha thupi, funsani kuti layamba liti ndipo wayezedwa kodi, chifukwa siliyenera kupitirira tsiku limodzi asanabayidwe pachala. Mukamva za kachimfine, funsani mmene akupumira: khanda la miyezi 2 mpaka 11 likamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena mwana wa chaka 1 mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposa, chimenecho chingakhale chibayo ndipo apite kwa APE kapena kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, akayezetse. Mukamva kuti kwabuka kutsegula m'mimba, funsani ngati madzi akumwa akuwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala a Certeza. Mukamva kuti ayamba kuthyola fodya, funsani ngati akudikira mame kuti aume ndiponso ngati ana akuwasiya kunyumba. Ndipo mukamva kuti mvula yayamba pamene m'banjamo muli mayi wotsala mwezi umodzi, musadikire kuti mtsinje udzaze: gwirizanani za galimoto lero, sonkhani ya petulo, mumuperekeze kunyumba yodikirira ya pachipatala msewu ukadali wouma.