Kanga, Unyolo ndi Chipewa

Munthu woyenda mumsewu wa Morogoro pa Magomeni, kumene amayi a mu Dar es Salaam amafunda kanga za maŵangamaŵanga monga chovala wamba, sangaganize msanga kuti nsaluyi ndi mboni ya ukapolo. Komatu ku Zanzibar, ukapolo utathetsedwa mu 1897, akazi omasulidwa anataya kaniki, nsalu yakuda ija imene kapolo ankadziŵika nayo, navala kanga, kuti aliyense wopenya aone kuti goli lathyoka. Pachilumba chomwecho, pa Mkunazini, pamene panali msika wa akapolo, Clara Sörnäs wa ku Sweden anaumba anthu asanu mu 1998, naŵaimika m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Ndipo ife sitingaime pamenepo ngati alendo, pakuti ambiri a iwo ogulitsidwa kumeneko anali abale athu, amene Jumbe ankaŵaolotsa nyanja pa Nkhotakota.

Anzathu a ku Mozambique sanadikire mlendo. Nkhondo itatha mu 1992, Bishopu Dinis Sengulane anapempha anthu kuti apereke mfuti zawo, alandire makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo amisiri anadula mfutizo, nalumikiza zidutswa zake kukhala mpando wachifumu umene lero uli ku British Museum.

Ife luso lotere tinali nalo kalekale, popeza gule wamkulu, ndi masanza ake, nthenga ndi makoko a chimanga, anatulutsa Simoni wa nkhope yofiira kukaseka mzungu pabwalo, mzunguyo akulamulabe. Samson Kambalu anamwa pachitsime chimenecho pamene, mu 2022, anaimika chosema cha John Chilembwe pa Trafalgar Square ku London atavala chipewa, chimene munthu wakuda sankaloledwa kuvala pamaso pa mzungu. Mlandu wonse wa Nyasaland unali pamutu pomwepo. Chondiŵaŵa n'chakuti chosemacho chinaima ku London, osati ku Mbombwe kumene kunali mishoni ya Chilembwe, ndiponso kuti za atsamunda timazinena momasuka, koma za ife eni timameza mate. Akulu amati mlandu suwola, koma zitseko ndi maunyolo a ku ndende ya Mikuyu, kumene Jack Mapanje anatsekeredwa popanda mlandu kuyambira 1987 kufikira 1991, dzimbiri silidzaŵalekerera. Inu osunga za makedzana, perekani zitsulo zimenezo kwa amisiri athu pamene anthu amene anazivala akadali moyo.